Kodi "kaonedwe ka Chikhristu" n'chiyani, nanga kamabwera bwanji mwa munthu?

Mawu a Chingerezi akuti worldview alowa m'tchalitchi masiku ano. Amamveka pa misonkhano ya achinyamata, m'maulaliki a pa wailesi ndi m'timauthenga ta pa WhatsApp, makamaka kukabuka mkangano wa lamulo la kuchotsa pakati, za maukwati kapena zimene ana aziphunzira kusukulu. Mlaliki akafika pa mawuwa, womasulira amayamba wameza malovu, kenako n'kuti "maganizo a Chikhristu". Sanalakwe kwenikweni, koma wataya zambiri m'njira. Mnyamata wina woimba kwaya ku Linthipe anandifunsa ngati umenewu ndi mpingo watsopano. Si mpingo ayi, komanso si phunziro limodzi loti munthu n'kuloweza. Pano ndigwiritsa ntchito mawu akuti "kaonedwe ka zinthu", poti ndiwo ayandikirako.

Kaonedwe n'chiyani

Palibe Mchewa kapena Mngoni wa kwa Gomani amene amayamba waima n'kuganiza asananene kuti "ana awiri", "mbuzi ziwiri", "timiyala tiwiri". Lamulo lake lilipo, koma tinaliyamwira kubere, ndipo ambirife sitingathe kulifotokoza. Timangolizindikira tsiku limene mlendo wanena kuti "mbuzi awiri", tonse n'kufa nacho chiseko.

Kaonedwe ka zinthu kali chimodzimodzi. Ndi mayankho amene munthu ali nawo kale mumtima, asanafunsidwe n'komwe, pa mafunso akuluakulu: dzikoli linachokera kuti, munthu n'chiyani, bwanji kuli njala, matenda ndi imfa, zimenezi zingakonzeke bwanji, nanga womwalira amapita kuti. Aliyense ali nako, wopemphera ndi wosapemphera yemwe. Ndipo nthawi zina kamasiyana ndi zimene timavomereza pakamwa. Munthu angathe kulakatula Chikhulupiriro cha Atumwi osaphonya liwu Lamulungu m'mawa, koma kaonedwe kake kenikeni kamatulukira Lachitatu usiku, mwana akatentha thupi.

Kumene mawuwa anachokera

Anabadwira ku Germany. Katswiri wa nzeru zakuya Immanuel Kant analemba liwu lakuti Weltanschauung m'chaka cha 1790, kutanthauza kuyang'ana dziko, ndipo linafalikira m'masukulu aukachenjede a ku Ulaya. M'zaka za m'ma 1800 kumeneko kunabuka mafotokozedwe a moyo wonse osadalira Baibulo. Charles Darwin anafotokoza za chiyambi cha mitundu ya zamoyo mu 1859, Karl Marx naye n'kumati mbiri ya anthu imayendetsedwa ndi kulimbirana chuma. Akhristu ena anaona kuti kuponya vesi limodzi apa, lina apo sikukwanira, koma kuonetsa kuti Chikhristu nachonso chimafotokoza moyo wonse. James Orr wa ku Scotland anatulutsa buku la nkhaniyi mu 1893. Abraham Kuyper wa ku Netherlands anakaikamba ku Princeton, ku America, mu 1898.

Kuyper anali m'busa, mkonzi wa nyuzipepala, woyambitsa yunivesite ku Amsterdam mu 1880, ndipo anadzakhala nduna yaikulu ya dziko lake kuchokera 1901 mpaka 1905. Mfundo yake inali yakuti palibe kachigawo ka moyo, ngakhale kochepa ngati chikhadabo, kamene Khristu sanena kuti n'kake: munda, msika, sukulu, boma. Akatolika nawonso nkhani imeneyi anali nayo. Mu 1891 Papa Leo XIII analemba kalata yokhudza malipiro ndi ufulu wa anthu apantchito, kusonyeza kuti chikhulupiriro sichithera pakhomo la tchalitchi.

Zaka zimenezi n'zomwezo zimene amishoni ankakhoma zikhomo kuno kwathu. A Dutch Reformed anafika ku Mvera mu 1889, ku Nkhoma mu 1896, ku Mlanda mu 1902 ndi ku Mphunzi mu 1903. Kumbali ya Akatolika, ansembe a Montfort anatsegula Nzama ku Ntcheu mu 1901, a White Fathers n'kutsegula Mua mu 1902.

Zimene anapeza kuno

Sanapeze mitu yopanda kanthu. Makolo athu anali ndi mayankho awo pa mafunso onse aja, ndipo ankagwirizana bwino lomwe. Mlengi ankamudziwa ndi mayina ambiri: Chauta, Namalenga, Mphambe, Chisumphi, Leza. Ankasimba kuti anthu oyamba anatsika ndi mvula pa Kaphirintiwa, ku Dzalanyama, n'kusiya mapazi pathanthwe lisanaume. Imfa inalowa chifukwa bilimankhwe, amene ananyamula uthenga wa moyo, anachedwa m'njira, buluzi n'kumupitirira. Kwa Chauta sankapita mwachindunji. Monga mmene munthu safikira kwa mfumu yaikulu osadzera kwa nyakwawa, ankadzera kwa mizimu ya makolo, ndipo mvula ikavuta ankapereka nsembe kukachisi wa ku Msinja kudzera mwa Makewana, mayi woyang'anira za mvula. Moyo unali wolukana ngati mphasa: zimene mwamuna ndi mkazi achita kuchipinda zingathe kudula mwana kapena nkhalamba ya pakhomo, ndiye mdulo umenewo. Tsoka silinkangobwera lokha. Mpaka lero pamaliro timamva anthu akunong'onezana kuti "imeneyi si imfa ya Mulungu".

Ndinaziona ndekha m'mudzi wina kumunsi kwa Bembeke. Mwana wa zaka zitatu anatentha thupi usiku mpaka kuyamba kukomoka. Mayi ake anamuponya kumsana, kukwera kabaza, ulendo wa kuchipatala. Kumeneko anamubaya pachala, n'kupeza malungo. Bambo ake anathamangira kukadzutsa mkulu wa mpingo, amene anabwera ndi tochi ndi Buku Lopatulika lakuthaitha. Agogo aakazi anakhala phee pamkeka, kenako n'kufunsa chapansipansi kuti, "Kodi mchere wa m'ndiwo za dzulo anathira ndani?" Malume a mwanayo anawayandikira n'kuti, "Amayi, izi si za chipatala zokha. Kukacha tikafunse kwa odziwa." Anthu onsewa amakhala m'tchalitchi limodzi Lamulungu, ndipo onse ankamufunira mwanayo moyo. Anasiyana pa funso lokha. Namwino ankafunsa kuti chadwalitsa mwana n'chiyani. Agogo ndi malume ankafunsa kuti wamudwalitsa ndani. Mkulu wa mpingo ankafunsa kuti Mulungu ali kuti m'zimenezi. Mwana anachira, ndipo aliyense anatsala ndi chifukwa chake cha kuchirako.

Kalembera wa 2018 anapeza kuti mwa Amalawi 100 alionse, pafupifupi 77 ndi Akhristu, 14 ndi Asilamu, ndipo mmodzi yekha ndiye ananena kuti amatsata chipembedzo cha makolo. Kalembera amawerenga mayina a mipingo. Funso la agogo lija iye salifunsa.

Msana wa kaonedwe ka Chikhristu

Aphunzitsi ambiri amati Baibulo likawerengedwa kuchokera ku Genesis mpaka ku Chivumbulutso limasimba nkhani imodzi ya magawo anayi: kulenga, kugwa, kuombola ndi kukonzanso zonse. Mlimi wa kachewere ku Tsangano angaimve msanga. Mbewu yake inali yabwino, nthaka yabwino. Kenako chiwawu chalowa, masamba n'kuyamba kuda. Chiwawucho si mbali ya kachewere, ndi matenda obwera. Mlimi sathawa munda wake n'kumati ulimi ndi woipa. Amalowamo ndi mankhwala, akuyembekeza tsiku lokumba.

Kulenga kukutanthauza kuti dziko, thupi, ntchito, ukwati ndi zakudya n'zabwino pachiyambi chake, ndiponso kuti munthu aliyense, wolumala, wachialubino, nkhalamba yosowa woisunga, ali m'chifanizo cha Mulungu. Kugwa kukutanthauza kuti choipa chili ponseponse, m'mitima ndi m'kayendetsedwe ka zinthu, ndipo sichikhala kwa mfiti yokha kapena kwa mtundu wina wokha. Chili mwa wolozayo ndi mwa wolozedwayo. Kuombola ndi ntchito ya Yesu pamtanda ndi kuuka kwake. Kukonzanso ndi chiyembekezo chakuti nthawi ikupita kwinakwake, kuli kuuka kwa thupi ndi chiweruzo, si kungozungulira kwa dzinja ndi chilimwe.

Pali malo amodzi m'Mauthenga Abwino amene amakhudza ndendende funso la agogo aja. Pa Yohane 9 ophunzira anaona munthu wobadwa wosaona, n'kufunsa Yesu kuti anachimwa ndani, iyeyo kapena makolo ake. Ndi funso lachimudzi lenileni. Yesu anayankha kuti si iye, si makolo ake, n'kumuchiritsa. Pa Luka 13 anakambanso za anthu 18 amene nsanja ya ku Siloamu inawagwera, n'kukana kuti anali ochimwa kuposa anzawo. Buku la Yobu lonse ndi mkangano wa nkhani yomweyi. Koma Baibulo lomweli limakambanso za mizimu yoipa ndi za Simoni wamatsenga wa ku Samariya, choncho silimuuza Mkhristu kuti zosaoneka kulibe. Apa ndi pamene Akhristu enieniwo amayamba kusiyana.

Ndi kaonedwe ka makolo, Chikhristu chimagwirizana pa zambiri. Mwambi wakuti kali kokha n'kanyama, tili tiwiri n'tianthu sutsutsana ndi chiphunzitso chakuti mpingo ndi thupi limodzi, ndipo akatswiri a zaumulungu a kuno, monga Augustine Musopole, alemba zambiri pa umunthu. Kusiyana kukubwera pa mkhalapakati, poti 1 Timoteo 2:5 imatchula mmodzi yekha, komanso pa malire a ubale, poti fanizo la Msamariya limakankhira "mnzako" kunja kwa fuko. Ndi kaonedwe ka sayansi, Akhristu ambiri savutika kuvomereza kuti malungo amabwera ndi udzudzu. Amishoni omwewo ndiwo anamanga zipatala za Nkhoma ndi Mua. Amangokana kuti nkhani yonse yathera pa udzudzupo.

Gule, chinamwali ndi dzina lakuti Chauta

Funso lovuta kuposa onse ndi lakuti: munthu akatembenuka mtima, asiye ziti za kwawo, asunge ziti? Silinayambire kuno. Pa Machitidwe 15 atumwi anachita kukhalirana pansi ku Yerusalemu kuti aone ngati anthu a mitundu ina ayenera kudulidwa monga Ayuda asanalowe mumpingo, ndipo anagamula kuti ayi. Kuyambira pamenepo, kulikonse kumene Uthenga wafika, mlandu umenewu umazengedwanso.

Boma la Dedza lauona mlanduwu pafupi kwambiri. M'zaka zoyambirira za Mua, ansembe ndi akumadambwe ankalimbirana ana omwewo, awa akufuna apite kusukulu, awo akufuna akalowe gule, ndipo nkhani zina zinkafika mpaka kwa bwanamkubwa wa boma. Mudzi nawo sunangokhala chete. Pabwalo panatuluka zilombo zotchedwa Simoni, wa nkhope yofiira ngati mzungu wopsa ndi dzuwa, ndi Maliya. Amishoni akuyang'ana mudzi, mudzi nawo unkawayang'ana n'kumawajambula. Mbali ya Nkhoma inaletsa gule ndi chinamwali cha kumudzi kwa Akhristu ake, n'kukhazikitsa chilangizo, kuti atsikana azilangizidwabe ndi amayi a mumpingo koma popanda zimene mpingo unaziona kuti n'zosayenera. Pamenepa anavomereza kuti mwambowo unali ndi ntchito yake, ndipo kungouchotsa osaikapo china kukanasiya dzenje.

Kwa Akatolika zinthu zinatembenuka utatha msonkhano waukulu wachiwiri wa ku Vatican, wa 1962 mpaka 1965, umene unalola Misa m'zilankhulo za anthu ndi kulimbikitsa kulemekeza zabwino za m'chikhalidwe chilichonse. Ng'oma zinalowa m'tchalitchi. Mu 1976 Bambo Claude Boucher a ku Canada, amene anadzatchedwa Achisale, anayambitsa malo a Kungoni pa Mua pomwepo, ndipo lero nyumba ya Chamare imasunga nkhope za gule mazanamazana pamodzi ndi mbiri ya Achewa, Angoni ndi Ayao. Malo amene kale ankalimbana ndi gule ndiwo akusunga mbiri yake. Mu 2005 bungwe la UNESCO linaika Gule Wamkulu pa mndandanda wa chuma cha chikhalidwe cha dziko lonse.

Mkanganowu unafika mpaka m'masamba a Baibulo. Buku Lopatulika, limene linatuluka mu 1922 William Murray wa ku Nkhoma akutsogolera ntchitoyo, limalemba dzina la Mulungu wa Israele kuti Yehova. Buku Loyera la 1998, lomasuliridwa ndi Akatolika ndi Apulotesitanti pamodzi, linasankha Chauta. Ena anasangalala kuti Mulungu wa m'Baibulo wayankhula ngati wa kwathu. Ena anada nkhawa kuti dzinalo labwera ndi fungo la kukachisi.

Tibwerere kwa kachewere uja. Kwawo ndi ku mapiri a Andes ku South America, koma lero mukamuuza wogulitsa pa Lizulu kuti mbewu yake ndi yachilendo adzakusekani. Okonda njira ya Mua amati Uthenga uli choncho: uyenera kumera m'dothi la kuno mpaka anthu aiwale kuti unabwera pa sitima. Osamala amayankha kuti dothi lomwelo limasunga matenda, ndipo mlimi wosayang'ana amakolola zowola. Onsewa akuwerenga Baibulo limodzi, ndipo onse amati kaonedwe kawo n'ka Chikhristu. Ine ndimaona kuti aliyense wolankhula za "kaonedwe ka Chikhristu" ngati kuti n'kamodzi kopanda msoko sanakhalepo pa maliro a ku Mtakataka.

Mpingo ndi boma

Msewu wa M1 pakati pa Dedza ndi Ntcheu umayenda m'malire enieni: mbali iyi Malawi, mbali iyo Mozambique. Anthu a kumeneko amadziwa kukhala m'maiko awiri tsiku limodzi. Augustine wa ku Hippo, m'zaka za m'ma 400, anafotokoza Mkhristu ngati nzika ya mizinda iwiri, wa pansi pano ndi wa Mulungu. Vuto limabuka malamulo a mbali ziwirizi akasemphana. Aroma 13 imati mverani olamulira. Machitidwe 5:29 imati tiyenera kumvera Mulungu koposa anthu.

Amalawi taonapo zonse ziwiri. Episkopi Patrick Kalilombe, mwana wa ku Mua, analimbikitsa miphakati mu dayosizi ya Lilongwe m'zaka za m'ma 1970, boma la chipani chimodzi n'kuikayikira, mpaka iye anakakhala kunja kwa dziko. Pa 8 March 1992 kalata ya maepiskopi a Chikatolika inawerengedwa m'matchalitchi, yodzudzula kusiyana kwa olemera ndi osauka, kutsekera anthu popanda mlandu ndi kutseka pakamwa anthu. Inatsegula njira ya riferendamu ya pa 14 June 1993. Koma mbiri ili ndi chenjezo lakenso. Ku South Africa akuluakulu ena a mpingo wa Dutch Reformed anagwiritsa ntchito Baibulo, ndi mfundo zina za Kuyper yemwe uja, poikira kumbuyo tsankho la apartheid, mpaka mu 1982 mgwirizano wa mipingo ya Reformed pa dziko lonse unagamula ku Ottawa kuti chiphunzitso chimenecho n'chonyenga. Iwo aja ankakhulupirira ndi mtima wonse kuti akuona zinthu mwa Chikhristu, chikhalirecho akuona ndi maso a fuko lawo.

Kamakula bwanji

Monga chilankhulo, kamalowa ndi kumva ndi kubwereza, osati ndi semina ya masiku atatu. Paulo pa Aroma 12:2 amakamba za kusandulika mwa kukonzanso mtima, ndipo kusandulika kumatenga nthawi. Kalasi ndi katekisimu zimapereka mafupa. Mnofu umabwera ndi zina: kuwerenga buku lathunthu la m'Baibulo m'malo motola vesi limodzi lokomera zofuna zako, kukambirana kumphakati kapena kumlaga kumene wina angakutsutse, kuona mmene amayi a Chigwirizano kapena a Mvano amasamalira wodwala amene abale ake amuthawa. Nyimbo za pa siwa, zoimbidwa usiku wonse mpaka mawu kusasa, mwina zaphunzitsa Amalawi za imfa ndi kuuka kuposa maulaliki onse.

Aphunzitsi ena amalangiza kutenga chinthu chimodzi cha tsiku ndi tsiku n'kuchidutsitsa m'magawo anayi aja. Titenge sikelo ya wogula soya. Malonda pawokha ndi abwino. Sikelo yokhotetsedwa ndi chiwawu chija, ndipo Miyambo 11:1 imaitchula kuti n'chonyansa. Wogula amene ndi Mkhristu afunse kuti kukonza kwake n'kotani pamene anzake onse pamsikapo akubera ndipo iye ali ndi ana a sukulu. Yankho silikhala lophweka, koma pofunsa pomwepo m'pamene Lamulungu limakumana ndi Lachitatu.

Mafunso amene akadali pabwalo

Loyamba ndi la ufiti. Lamulo la 1911, limene likugwirabe ntchito, limaletsa kunena munthu kuti ndi mfiti. Akhristu ambiri amakhulupirira kuti ufiti ulipo, pomwe nkhalamba zikupitirira kumenyedwa ndi kuphedwa chifukwa chongoganiziridwa. Kodi mpingo ungaphunzitse bwanji za mphamvu za mdima popanda kupereka mwala m'manja mwa adzukulu a nkhalambazo?

Lina ndi la chuma. Alaliki a "kubzala mbewu", chiphunzitso chakuti ukapereka ndalama kumpingo Mulungu amakubwezera chuma, chimene chinakulira ku America m'zaka za m'ma 1900, amatsegula Malaki 3:10 n'kunena kuti Mulungu safuna ana ake avutike. Otsutsa amatsegula 1 Timoteo 6:10 ndi kuloza Yesu amene analibe potsamira mutu. Mlimi amene feteleza wamukanika chaka chino amve uti, nanga umphawi wake auone ngati temberero, mayesero, kapena zotsatira za mitengo ndi ndondomeko za boma?

Palinso la malamulo a dziko. Ku Dedza kuli Asilamu ambiri, kwa Tambala ndi kunyanja, ndipo Malamulo Aakulu a 1994 amapatsa aliyense ufulu wa chipembedzo. Akhristu, pokhala ochuluka, angafike pati pofuna kuti kaonedwe kawo kakhale lamulo la onse? Mkangano wa chaka cha 2000, pamene boma linafuna kuika phunziro la zipembedzo zonse m'malo mwa Bible Knowledge kusekondale, mipingo n'kukana, unali wa funso lomweli, ndipo limabukanso nthawi ndi nthawi.

Ndiye pali funso limene limafika pakhomo penipeni. Agogo aamuna amwalira. Anali akudambwe moyo wawo wonse, koma anabatizidwa ali pamphasa, kutatsala mwezi umodzi. Ana awo ndi akulu a mpingo, abale awo akuti zilombo zibwere zidzaperekeze mnzawo, adzukulu ali kumanda akudikira kuti auzidwe. Maliro amenewa ndi a yani, ndipo agamule ndani: abusa, amfumu, kapena mwini mbumba?